Musataye TV ya ambuya, yambani mwaona eriyo

Mpaka lero muno mu Chipata muli nyumba zambiri zomwe TV yake inangokhala pa kabati, anaivundikira kansalu koluka, pamwamba anaikapo maluwa apulasitiki, ndipo ukafunsa akuyankha kuti aaa iyo inafa nthawi ya dijito ija. Sinafe iyo anthu inu. Ine ntchito yanga ndi yokonza ma TV, mawailesi ndi mafoni chapafupi ndi msika wa Kapata, ndipo ma TV ambiri amene anthu amabwera nawo atamangirira pa keriya ya njinga ati yapsa, ukangolumikiza ku malaiti imayaka bwinobwino, sipika ikulira, sikirini ilibe vuto olo pang'ono. Chomwe chinasowa pakhomo pamenepo ndi munthu wofika, kukwera padenga, kuona eriyo ndi kebo, kenako kukhala pansi ndi eni nyumba nkuwaonetsa batani loti azidina. Nkhani yochoka ku analogi kupita ku dijito inakambidwa kwambiri m'mahotela ku Lusaka, koma pakhonde la munthu wa ku Mchini kapena ku Nabvutika inafika mochedwa, ndipo pofika inali itasanduka kale mphekesera.

Kwa amene munali ana nthawi imeneyo lekani ndikumbutse komwe zinachokera, chifukwa ena mpaka pano amati boma linangodzuka m'mawa nkuganiza zozimitsa ma TV a amphawi. Mu 2006 maiko a mu Africa, Europe ndi Middle East anagwirizana ku Geneva pansi pa ITU, bungwe la maiko onse loona za mafunde ndi mauthenga, kuti pofika pa 17 June 2015 analogi ikhale itasiyidwa. Mu 2010 nduna za maiko a SADC zinakumana ku Lusaka konkuno nkusankha kuti dera lathu lonse lizigwiritsa ntchito mtundu wa dijito wotchedwa DVB-T2, malemba amenewa muwasunge m'mutu chifukwa tiwafunanso kutsogoloku. Zambia inagawa ntchitoyi m'magawo atatu, loyamba linali la m'mbali mwa njanji kuchokera ku Livingstone mpaka ku Chililabombwe, lachiwiri matauni akuluakulu a m'zigawo, lachitatu kumidzi kwenikweni. Tsiku la 2015 lija linafika gawo loyamba lokha ndi lomwe linali litagwirika, ndipo analogi ya m'mbali mwa njanji anaizimitsa pa 1 October 2017. Ife a kum'mawa tinali a gawo lachiwiri ndi lachitatu, olo kuti nafenso tili nayo njanji yathu ya Chipata kupita ku Mchinji, koma pakunena za njanji sanali kunena imeneyo mwandi. Ntchito yomanga milongoti ndi kufalitsa siginolo inapita kwa TopStar, kampani yomwe ZNBC ili ndi magawo 40 pa 100 ndipo StarTimes ya ku China ili ndi 60, ndipo ndalama zake zinali 273 miliyoni ya madola, zambiri mwa izo ngongole ya ku Exim Bank ya ku China. Ngongole imeneyo ndi ya tonse, woonera ndi wosaonera yemwe, ndiye chifukwa chake zimandiwawa ndikaona TV ili chete pakhomo chifukwa cha waya wa makwacha ochepa.

Nanga anasinthiranji? Mumlengalenga momwe mumadutsa mafunde a wailesi, TV ndi foni malo ake ndi owerengeka, a ZICTA ndi amene amagawa. Analogi inali ngati ngolo yomwe yanyamula thumba limodzi chabe la chimanga koma yatseka njira yonse, tchanelo chimodzi malo onse atha. Dijito imapanikiza zithunzi ndi mawu, ndiye pamalo omwewo pamakwana matchanelo opitirira khumi. Malo omwe anatsala, makamaka a 700 ndi 800 MHz, maiko amawapereka ku makampani a mafoni kuti intaneti ya pafoni ifike patali. Ndiye amene mukuwerenga izi pa Facebook muli ku Chadiza kapena ku Sinda, nkhaniyi ikukukhudzani olo mulibe TV.

Koma chimene anthu sanauzidwe bwino ndi khalidwe la dijito, ndipo apa ndi pomwe ma TV ambiri ananamiziridwa kuti afa. Kumbukirani usiku wa pa 12 February 2012, Chipolopolo ikumenyana ndi Ivory Coast ku Libreville. Kwathu tinaonera pa TV ya chubu, chithunzi chodzaza mashawa moti mpira weniweniwo sunali kuoneka, timangoona anthu akuthamangira mbali imodzi nkudziwa kuti uli uko. Mng'ono wanga anali panja atagwira nsungwi ya eriyo akuzunguza, ife m'nyumba tikukuwa kuti apo apo, iyayi bwerera, gwira pomwepo usasunthe, ndipo mapenate onse aja mpaka 8-7 Stoppila Sunzu akumwetsa chomaliza iye anaonera pawindo dzanja limodzi lili pa nsungwi. Analogi inali yotero, siginolo ikafooka chithunzi chimaipa pang'onopang'ono koma umaonerabe, mawu umamvabe. Dijito ilibe chifundo chimenecho. Siginolo ikakwana chithunzi chimabwera choyera kuti mbee, ikaperewera pang'ono chabe chithunzi chimayamba timabokosi, munthu amauma pakamwa pali yasa, mawu amadukaduka, kenako sikirini yakuda yalemba No Signal basi. Ndiye munthu amene zaka zonse anazolowera kuonera ndi eriyo yopanga yekha ya limu ya njinga ndi mahang'ala, akagula dikoda, kabokosi kolandirira dijito kaja, nkulumikiza ku eriyo yomweyo osaona kanthu, amati mwina dikoda ndi yabodza mwina TV yake ndi yachikale kwambiri. Pomwe zonse ziwiri zili bwino.

Chipata ndi tauni ya m'mapiri, izi aliyense akudziwa, ndipo mafunde a UHF omwe dijito imayendera sakonda kukhota, amafuna njira yowongoka. Nyumba yomwe ikuyang'anana ndi milongoti ya paphiri la Kanjala mwina kaeriyo kam'nyumba kokha kakwanira, pomwe wina amene ali kuseri kwa phiri kapena kuchigwa, olo ali pafupi ndi tauni, afunika eriyo yapanja ndi mtengo wautali. Anthu awiri agula dikoda sitolo imodzi tsiku limodzi, wina ikugwira wina ayi, ndiye mkangano ndi wogulitsa umayambira pamenepo.

Ine ndikafika pakhomo dikoda sindiyamba nayo, ndimayamba kuyang'ana kumwamba. Maeriyo akale aja a ndodo zitalizitali ambiri anali a VHF, dijito ikufuna ya UHF ya tindodo tifupitifupi tambiri. Kenako kebo. Mayo ine kebo! Mupeza kawaya koyera kowonda komwe kakhala padzuwa kuyambira nthawi ya a Mwanawasa, khungu lake linang'ambikang'ambika, madzi a mvula analowa, ukasenda mkuwa wa m'kati wada bii kapena wachita ndere. Pakati anaulumikiza mopota ndi zala nkukulunga ndi pepala la shuga. Kumapeto kwake timawaya tating'ono ta kunja tija tikukhudzana ndi waya wapakati, ndipo kamodzi kokha kakakhudza siginolo yonse yathera pomwepo. Zimenezi analogi inali kupirira, dijito ayi. Gulani kebo yonenepa ija ya RG6, ikhale imodzi kuchokera ku eriyo mpaka ku dikoda popanda mfundo pakati, mitu yake ikhale yomanga bwino, ndipo kumtunda kuja mukulunge ndi tepi yakuda ya malaiti kuti madzi asalowe. Pomwe kebo ikulowa m'nyumba muisiye itagwa pang'ono pansi isanakwere kulowa pabowo, madzi azidonthera panja m'malo motsata waya mpaka kuseri kwa dikoda. Za busita, kachipangizo kokuzira siginolo kaja, ndinene mosabisa, anthu amaikonda chifukwa ili ndi kagetsi kofiira kooneka ngati ikugwira ntchito yaikulu, koma ngati kebo ndi yowola busita imangokuza phokoso lomwelo, ndipo ukakhala pafupi ndi mlongoti imatha kuonongeratu chithunzi.

Pozunguza eriyo tsegulani pa menyu pomwe pamaonetsa mizere iwiri, wina wa Strength, mphamvu ya siginolo, wina wa Quality, ubwino wake. Anthu amasangalala ndi woyambawo ukadzaza, koma wofunika ndi wachiwiri. Ndipo muzizunguza pang'onopang'ono, kusuntha pang'ono nkuima, kuwerenga mpaka faifi, chifukwa dikoda imachedwa kuyankha, si za kale zija zoti ukangopotoza nsungwi chithunzi chasintha nthawi yomweyo. Ambiri amadutsa pamalo abwino osadziwa chifukwa cha changu. Onaninso mitengo, mango omwe anali aafupi pomwe mumaika eriyo lero atalika, ndipo masamba akanyowa amadya siginolo, ndi chifukwa chake ena amati TV yathu imadwala dzinja lokha.

Manje olo zonsezi zikhale bwino pali rimoti. Ambuya ena ku Mchini mwana wawo wa ku Lusaka anawatumizira dikoda pa basi, inakhala m'katoni pansi pa bedi mpaka katoniyo inayamba kudyedwa ndi chiswe. Mdzukulu wawo ndi amene anabwera kudzanditenga. Nditamanga zonse chithunzi chinabwera, nkhani za Chinyanja pa ZNBC zikuyamba kumene, ambuya anaombera m'manja. Koma nditawapatsa marimoti awiri anabweza manja kumbuyo.

"Iyayi mwana wanga, ika patebulo pomwepo, ine ndingaononge."

"Ambuya, palibe batani lomwe mungadine TV nkupsa, yesani chabe."

"Nanga awiriwa ndi a chani? Kale inali imodzi, ndimangodina wani basi."

Ndipo anali kunena zoona. Kale unali kuyatsa TV, kudina wani, ZNBC yabwera. Lero uyatse TV ndi rimoti yake, uipititse pa AV, uisiye, utenge rimoti ina ya dikoda, ndipo ukangolakwitsa nkudina tchanelo pa rimoti ya TV zonse zasowa wabwerera ku mashawa. Kwa ife ndi zazing'ono koma kwa munthu amene maso anayamba kuchita nkhungu ndipo timalemba ta pa rimoti ndi ta Chingerezi, imeneyo ndi ntchito. Ndinapempha kyutekisi kwa mdzukulu uja, yofiira, nkudontheza pa mabatani atatu okha, loyatsira, lokwezera tchanelo ndi la voliyumu. Rimoti ya TV ndinaimata tepi mabatani onse kusiya loyatsira ndi la AV. Kuseri kwa kalendala ya tchalitchi tinajambula mabowo atatu ndi mitundu yake, yelo ku yelo ndiye chithunzi, yofiira ndi yoyera ndiye mawu, kuti tsiku lomwe adzasesa nkuzula mawaya adzabwezeretse okha. Kenako ndinazimitsa zonse nkuwauza kuti ayatse okha ine manja ali m'thumba, anabwereza mpaka anayamba kundikalipira kuti ndamva kale iwe, ukundiyesa mwana? Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti ntchito yatha. Pepala la malangizo la m'katoni silingachite zimenezi, ndipo kulengeza kwa pa wailesi sikungachite zimenezi.

Mphekesera yomwe inapweteka anthu kwambiri ndi yoti ma TV a chubu onse atha ntchito, mugule fulati. Panali anyamata ena omwe anali kuyenda m'makomboni kuuza azimayi kuti boma lizigwira aliyense wopezeka ndi TV yakale, nkumawagula pa mtengo wa nkhuku, kenako nkukagulitsa kumidzi. Bodza lenileni. TV iliyonse yomwe ili ndi mabowo atatu aja kumbuyo imagwira ndi dikoda, ndipo olo yakale kwambiri ya bowo limodzi la eriyo pali njira yoilumikizira. Mbali inayo, kukhala fulati sikutanthauza kuti ndi ya dijito yathu. Ma TV ambiri a salaula ochokera kunja anapangidwira mitundu ina, a ku Japan ndi a ISDB-T, a ku America ndi a ATSC, akale a ku UK ambiri ndi a DVB-T yopanda 2 kumapeto, ndipo onsewa paokha sangagwire siginolo ya kuno olo musake matchanelo usiku wonse. Kasitika kolembedwa HD Ready sikakunena za zimenezi. Tembenuzani TV, werengani kumbuyo kapena pa katoni, mupeze DVB-T2. Ngati palibe, TV ndi yabwinobe koma ifuna dikoda, ndiye muwerengere ndalama yake musanalipire. Ndipo smart TV yomwe achinyamata akuilirira masiku ano, YouTube yakeyo imadya mabando, si yaulere.

Palinso za m'malire. Ife ndi a Malawi ndi amodzi, maliro timayenderana, ndiye wina akapita ku Mchinji kudzera pa Mwami amabwerako ndi dikoda ya Kiliye Kiliye ati yotchipa. Imeneyo inapangidwira milongoti ya ku Malawi. Ngati muli m'malire momwe siginolo ya uko imafika mwina muonera za uko, koma musayembekeze kuti ikutsegulirani matchanelo a TopStar kapena a GOtv, dikoda ya kampani imatsegula za kampani yake. Chimodzimodzi dikoda ya dishi ndi ya eriyo ndi zinthu ziwiri zosiyana olo dzina la kampani likhale limodzi, anthu ambiri amagula ya eriyo nkupita nayo kumudzi komwe mlongoti sufika.

Tsopano ndalama, pomwe ogulitsa ambiri amayankhula motsitsa mawu. Kale ukagula TV wagula, chotsala inali TV levy ya K3 yomwe inali kulowa mu bilu ya ZESCO, ambiri sanali kuidziwa nkomwe. Kuyambira 2018 inakwera kufika K5 ndipo inasamukira ku malipiro a pamwezi a dikoda, ndipo a IBA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi ma TV, ndi amene anapatsidwa ntchito yoitolera. K5 payokha si nkhani, nkhani ndi yoti TV inasanduka chinthu cholipira mwezi ndi mwezi, ndipo munthu wa kuno ndalama sabwera nayo mwezi ndi mwezi. Mlimi wa ku Chipangali kapena ku Kasenengwa amaona ndalama akagulitsa soya, nshawa, thonje, fodya kapena chimanga, kuyambira cha mu June mpaka September. Pamenepo amagula dikoda, mwezi woyamba matchanelo onse ali mbwee, ana akuonera makatuni, amayi mafilimu, abambo mpira. Ikafika January ndalama yonse yapita ku feteleza ndi mayunifomu, matchanelo atsekedwa, ndipo chifukwa palibe anamuuza, iye amati dikoda yafa, amaibweza m'katoni. Ndiye amene mukuthandiza makolo anu, auzeni zoona tsiku loyamba. Ndipo pogula funsani wogulitsa funso ili, ndikapanda kulipira mwezi wamawa chitsale ndi chiyani? Akuonetseni pa sikirini, asangokuuzani pakamwa. Nambala ya khadi la dikoda muilembe pa khoma kapena kuseri kwa kalendala, muisungenso mufoni mwanu, kuti inu muli ku Lusaka kapena ku Kitwe muzitha kuwalipirira pa Airtel Money kapena MoMo popanda kuwatuma kukwera honda kupita ku boma kukafola. Kutumiza dikoda kumudzi osaganiza za amene azilipira ndi kutumiza katoni chabe.

Za malaiti ndisachedwepo, tonse tinaziona, 2015 chaka chomwecho cha dijito madzi anachepa ku Kariba, 2019 chimodzimodzi, 2024 ndiye osanena, tsiku lathunthu malaiti kubwera pakati pa usiku. Malaiti akamabwera ndi mphamvu ndi pomwe maadaputa a dikoda amapsa, ndiye akapita zulani ku soketi. Kumudzi kwa sola ndi kokhako komwe ndimavomereza kuti TV ya chubu ipume, chifukwa imamaliza batire mpira usanafike hafu taimu, pomwe ka LED kakang'ono ka 12V kamafika nayo usiku. Madikoda ambiri nawonso ndi a 12V koma werengani pa adaputa musanadule waya nkulumikiza ku batire, ena ndi a 5V ndipo mukawapatsa 12 mumva kafungo.

Kumadera ngati Vubwi, kuchigwa ku Mambwe, ku Lumezi ndi mbali zina zomwe mapiri atchinga, kulimbana ndi eriyo nthawi zambiri ndi kutaya nthawi, dishi ndiye yankho. Mu December 2015 ku Johannesburg mtsogoleri wa China Xi Jinping analonjeza TV ya setilaiti ku midzi 10,000 ya mu Africa, ndipo Zambia inapatsidwa midzi 500, StarTimes ndi yomwe inali kuika. Mudzi unali kulandira maprojekita ndi TV yoikidwa pamalo a onse monga pasukulu kapena pachipatala, ndi sola yake, komanso madikoda ndi madishi a mabanja angapo. Ndi chinthu chabwino, mwana amene sanaonepo Mosi-oa-Tunya kapena Nyumba ya Malamulo anaziona pakhoma la kalasi. Koma dishi ndi chinthu chosachedwa kukwiya, mphepo ya mu August ikaisuntha olo pang'ono pokha, kapena ng'ombe ikadzikanda pa mtengo wake, zonse zapita. Ndiye ine ndimati pa zipangizo zonse zomwe mungapereke kumudzi, chofunika koposa ndi mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi momwemo amene waphunzitsidwa kulozetsa dishi, kumanga mutu wa kebo ndi kusakanso matchanelo, ali ndi sipanala 10 ndi 13 yakeyake. Kuitana munthu kuchokera ku Chipata kuti adzamange bawuti imodzi, thiransipoti yake yokha iposa mtengo wa mwezi wonse woonera.

Uthenga weniweniwo unayenda bwanji? Zikwangwani zinalipo, zolengeza pa TV zinalipo, koma taganizani, kulengeza pa TV za mmene ungakonzere TV kwa munthu amene TV yake siikuonetsa. Kuno chomwe chimafika paliponse ndi wailesi, Breeze FM, Radio Maria, Mphangwe ku Katete, Chikaya ku Lundazi, ndipo pulogalamu yothandiza ndi ija yoimba foni, munthu anene yekha kuti kwanga kwalemba chakuti, wodziwa amuyankhe m'chinenero chake kuti tatulukani panja muone waya. Kuposa pamenepo ndi pamaso ndi pamaso. Anthu athu amasonkhana kale, sitifunika kuwaitanira msonkhano wina wa masitting'i alawansi. Ali ku mphakati, ali ku Chigwirizano cha amayi, ali ku sikelo ndi ana, ali ku kopaletivu kudikira za feteleza, ali pabwalo kwa anyakwawa. Pitani pamenepo ndi TV yakale ya chubu, batire, invete, dikoda ndi eriyo pa nsungwi, muike patebulo, mulumikize anthu akuona, kenako muzule zonse nkuitana mayi mmodzi kuti abwezeretse yekha. Anzake akamuona walumikiza chithunzi nkubwera, mantha onse amathera pomwepo. Ndipo ndikuti mayi dala, chifukwa maphunziro otere amakonda kuitana abambo, pomwe amene amakhala pakhomo tsiku lonse TV ikavuta ndi amayi ndi ana. Ana ndiye osadandaula nawo, wa giredi 5 mukamuonetsa kamodzi mawa akuphunzitsani inu. Amfumu ndi anyakwawa muziyamba mwawaona, osati chifukwa cha ulemu chabe, koma iwo akanena kuti palibe amene agwidwe chifukwa cha TV yakale, anyamata ogula ma TV mwakuba aja msika wawo watha.

Pali china chomwe sitikambirana kawirikawiri. Kale siteshoni iliyonse inali kudziimikira zofalitsira zake, lero ambiri amadutsa pa chipata chimodzi cha wofalitsa siginolo, amalipira kuti anyamulidwe. Ubwino wake siteshoni yaing'ono siifunika kumanga milongoti dziko lonse. Kuipa kwake tinakuona mu 2020 pomwe Prime TV inachotsedwa pa TopStar, kenako IBA inailanda laisensi, mpaka inadzabwerera mu 2021 boma litasintha. Kaya munali kuikonda kaya ayi, munaona kuti tchanelo chingathe kusowa pa dikoda yanu inu musanadine kalikonse. Ndipo malo ambiri aja omwe dijito inatsegula, tikuikamo chiyani? Matchanelo ali mbwee koma ambiri ndi mafilimu akunja. Ncwala ya ku Mtenguleni mu February ndi Kulamba ya ku Mkaika mu August timaziona tsiku lake lokhalo, pomwe chaka chonse kuno kuli nkhani za mitengo ya soya, za misewu ya kumidzi, za mpira wa m'makomboni, za vimbuza ndi chitelele, zomwe munthu wa kuno angakhalire pansi kuonera. Ambuya aja sanaombere m'manja chifukwa chithunzi chinali choyera, anaombera chifukwa wowerenga nkhani anali kuyankhula chinenero chawo. Achinyamata amene mukujambula mavidiyo pafoni, malo alipo, gogodani ku masiteshoni.

Mvula isanayambe, cha mu October muno, kwerani muone mtengo wa eriyo ngati chiswe sichinadye kunsi, mangani mawaya atatu oukoka kuti mphepo isauzunguze, sinthani tepi yomwe yauma, dulani nthambi za mango zomwe zatchinga kutsogolo, ndipo mtengowo ukhale kutali ndi mawaya a ZESCO, anthu amafa nazo zimenezi pokweza paipi yachitsulo. Kukayamba kung'anima ndi kugunda zulani zonse ziwiri, pulagi ya kukhoma ndi kebo ya eriyo kuseri kwa dikoda, chifukwa mphenzi imalowera ku eriyo olo TV ili yozimitsa, ndipo madikoda omwe amadzaza pa benchi yanga mu December ndi January ambiri amakhala opsa pabowo lomwelo la eriyo.